Yankho kwa m'bale wa ku Chilenje amene ndalama za NAPSA zinamuthera pamsika

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Chilenje, mwana wa kwathu kum'mawa, amene amayendetsa galimoto pa kampani ina kuno ku Lusaka. Wandilola kuti ndimuyankhe poyera, bola dzina lake ndisalitchule. Kalata yake ndi yaitali, koma mtima wake ndi uwu:

"Akulu, boma litalola mu 2023 kuti titapeko 20 peresenti ya ndalama zathu za NAPSA, ndinalandira K24,000. Anzanga a pa gulu la WhatsApp anati masheya a kampani ina akwera posachedwa, ndiye ndinagula a K20,000. Patapita miyezi inayi mtengo unatsika, ndinachita mantha, ndinagulitsa n'kupeza K15,000. Pofuna kubweza K5,000 imene inapitayo, ndinalowa forex pa foni. Zonse zinatha m'milungu itatu. Ndinatenga K5,000 ya kaloba kuti ndiyesenso, nayonso inapita. Chondipweteka n'chakuti masheya ndinagulitsa aja pano anakwera kuposa mtengo umene ndinagulira. Amayi a kunyumba sakudziwa chilichonse, akuganiza kuti ndalama zija zili ku banki. Kodi msikawu ndi njuga basi? Inu amene mwakhalamo zaka zambiri, mumaganiza bwanji mukataya? Ndibwererenso kapena ndiiwale?"

Achimwene, pepani kwambiri. Ndalama ya penshoni ya NAPSA si yotola pamsewu, ndi thukuta limene linkadulidwa pa malipiro anu mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa mmene tulo timathawira munthu akamawerengera ndalama imene kulibenso. Sindikuuzani kuti musadandaule. Chimene ndikupempha n'chakuti tikhale pansi tiione nkhaniyi bwinobwino, chifukwa mmene mwailembera, mwamanga zinthu zinayi mtolo umodzi n'kuutcha kuti "ndinataya". Kugula, kugulitsa, forex ndi kaloba sizilemera mofanana. Mukapanda kumasula mtolowo mudzatengapo phunziro lolakwika, ndipo lidzakudyeraninso ndalama zina m'tsogolo.

Inu ndi ine tinakulira kumunda, ndiye ndiyambire kumeneko. Mukukumbukira dzinja la 2023 mpaka 2024. Ku Katete, ku Sinda, ku Petauke kuli anthu amene anachita zonse moyenera. Anakonza munda nthawi yabwino, anagula mbewu yabwino, anabzala ndi mvula yoyamba, anathira feteleza kawiri. Mvula inadula pakati, chimanga chinauma chitangomasula, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Kodi alimi amenewo analakwa? Ayi. Anachita mwanzeru, nyengo inawakana. Ndiye taganizirani mlimi wina amene chaka china anabzala mochedwa chifukwa cha ulesi, mvula n'kupitirira mpaka Epulo, iye n'kudzaza nkhokwe. Ameneyo analakwa, nyengo inangomukomera mtima. Aliyense wa awiriwa akati aphunzire poyang'ana zokolola zokha, woyamba uja adzati kubzala msanga kulibe phindu, wachiwiri adzati kuchedwa ndiko nzeru. Onse awiri adzakhala ataphunzira bodza.

Maganizo anga onse pa misika ya ndalama ali pa alimi awiriwa. Ndikataya kapena ndikapindula, sindiyamba n'kufunsa kuti zatha bwanji. Ndimayamba n'kufunsa kuti tsiku limene ndinkatulutsa ndalama lija ndinkadziwa chiyani, ndinkaganiza chiyani, nanga ndinasiyako mbewu m'nkhokwe kapena ndinabzala yonse. Tiyeni timasule mtolo wanu ndi mafunso amenewa.

Kugula masheya pakokha sikunali kulakwa, ndipo apa ndikuyankha funso lanu la njuga. Sheya ndi kachigawo ka kampani yeniyeni. Pa Lusaka Securities Exchange, msika wa masheya wa dziko lathu umene unayamba malonda mu 1994, pali makampani amene mumawadziwa ndi maso: Zambia Sugar ya ku Nakambala ku Mazabuka, imene mwina shuga wake mwathira mu tiyi m'mawa uno, Chilanga Cement, Zanaco, Zambeef, Airtel, Copperbelt Energy Corporation imene imagulitsa magetsi ku migodi. Makampaniwa amapanga zinthu, amagulitsa, ndipo akapindula amagawira eni masheya gawo la phindulo, lotchedwa dividendi. Ndalama imeneyo imachokera kwa ogula shuga ndi simenti. M'nyumba zobetchera mpira zimene zadzaza m'makomboni mwathu simupangidwa kanthu. Ndalama imangochoka m'thumba la uyu kupita m'thumba la uyo, mwini nyumba n'kudulapo yake. Kusiyana kwake n'kumeneko.

Komabe munthu akhoza kutchova njuga ndi masheya. Mmene munagulira inu, osadziwa kuti kampaniyo imapindula zingati, ili ndi ngongole zotani, inagawapo dividendi liti, zinali pafupi ndi kubetcha. Munagula mawu a anzanu a pa WhatsApp. Ndipo pa nkhani ya magulu amenewa, muzidzifunsa nthawi zonse kuti amene akuti "gulani msanga" iyeyo anagula liti. Ngati anagula kale, kugula kwanu n'kumene kukweze mtengo kuti iye agulitse bwino. Mwina sakuchita dala, mwina nayenso anangomva kwa wina, koma ndalama yotuluka ndi yanu. Chinanso, pa K24,000 munaika K20,000 pamalo amodzi. Pamenepo mbewu munabzala pafupifupi yonse m'munda umene simunauyendere.

Kugulitsa kuja n'kumene kukukupwetekani kwambiri, popeza mtengo unadzakwera pambuyo pake. Ine sindikuona kuti cholakwa chachikulu chili pamenepo. Kukwera kwa pambuyo sikutsimikizira kanthu. Mtengo ukanapitirira kutsika, bwenzi lero mukudziyamikira kuti munathawa nthawi yabwino. Funso loyenera n'lakuti, m'miyezi inayi ija chinasintha n'chiyani pa kampaniyo? Fakitale inapsa? Makasitomala anathawa? Kapena unasintha ndi mtengo wokha? Msika wathu ndi waung'ono. Makampani ake ndi opitirira pang'ono 20, ndipo pali masheya ena amene amatha masiku osagulidwa ndi munthu. Thumba limodzi la penshoni likafuna ndalama n'kutulutsa masheya ambiri pamene ogula ali ochepa, mtengo umagwa ngakhale kampani ikuyenda bwino, monga mmene matimati amagwera mtengo ku msika wa Soweto tsiku limene malole atatu afika nthawi imodzi. Matimatiwo ndi omwewo a dzulo. Munthu wodziwa chifukwa chimene anagulira amatsegula lipoti la kampani, akaona kuti malonda akuyenda amakhala phee, mwinanso amawonjezera popeza zatchipa. Inu munalibe pogwira. Munagula chifukwa anati mtengo ukwera, ndiye utatsika, chifukwa chanu chonse chinathera pomwepo. Kugulitsa kwa mantha kuja kunabadwa tsiku limene munagula.

Pamene mtima wanga ukuwawa ndi pa forex, malonda aja olosera kukwera ndi kutsika kwa mitengo ya ndalama za mayiko. Taonani mawu amene mwalemba nokha: "pofuna kubweza K5,000 imene inapitayo". Tsiku limenelo munali ndi K15,000 m'manja, ndalama yolipirira lendi miyezi ingapo, koma maso anu anali pa K5,000 imene kunalibe. Zimenezi si zanu nokha. Akatswiri awiri a maganizo a anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anaonetsa mu 1979 kuti kutaya kumapweteka munthu kuposa mmene kupeza ndalama yofanana kumamukondweretsera, ndiponso kuti munthu amene wataya kale amalolera kuchita zoopsa zimene sakanazichita ali bwino, n'cholinga choti abwerere pamene anali. Koma msika sudziwa kuti munataya K5,000, ndipo ulibe ngongole ndi inu.

Ndifotokoze mmene ndalama zanu zinathera m'milungu itatu, chifukwa ambiri amataya osamvetsa chimene chawagunda. Mapulogalamu a forex a pa foni amakulolani kuchita malonda aakulu kuposa ndalama zanu, chimene amachitcha leverage. Akati 1:100, ndiye kuti ndi K1,000 yanu mukugwira malonda a K100,000. Mtengo ukayenda mbali yanu ndi 1 peresenti, K1,000 ija yabereka inzake. Ukayenda mbali ina ndi 1 peresenti yomweyo, K1,000 yonse yapita, ndipo pulogalamu imatseka malondawo yokha osakufunsani. Ndalama za mayiko ndi golide zimasuntha 1 peresenti kawirikawiri, nthawi zina tsiku limodzi. Mukhoza kulosera molondola kumene mtengo udzakhale mwezi wamawa koma n'kuchotsedwa pamsika Lachiwiri lisanathe. Bungwe loyang'anira misika ku Ulaya la ESMA linanena mu 2018 kuti pa maakaunti 100 a anthu wamba ochita malonda a mtundu umenewu, 74 mpaka 89 amataya ndalama. Amenewo ndi anthu a intaneti yothamanga ndi magetsi osazima. Anyamata amene amajambulitsa atatsamira galimoto zodula pa Facebook n'kumati akuphunzitsani forex, dzifunseni ngati ndalama zawo zikuchokera kumsika kapena kwa ophunzira olipira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musaganizenso kuti kuthamangitsa ndalama yotayika ndi matenda a ife osauka okha. Ku Singapore kunali mnyamata wa ku England dzina lake Nick Leeson, wogwira ntchito ku Barings, banki ya ku London imene inakhazikitsidwa mu 1762. Atayamba kutaya, anabisa zotayikazo mu akaunti yachinsinsi ya nambala 88888, n'kumawonjezera malonda kuti abweze akuluakulu asanadziwe. Chivomezi chitagwedeza mzinda wa Kobe ku Japan mu Januwale 1995, msika wa masheya wa ku Japan unatsika, iye n'kuwonjezeranso. Pofika Febuluwale dzenje linali mapaundi 827 miliyoni. Banki ya zaka zoposa 230 inagwa, n'kugulitsidwa paundi imodzi. Njira imene anayenda ndi yomwe mwayenda inu: kutaya pang'ono, kubisa, kuwonjezera ndi ndalama za eni. Ngongole ya kaloba ija ndi kusawauza alamu anga, zimenezo ndizo 88888 yanu, ndipo pa zonse ndizo zolemera kwambiri.

Mwafunsa kuti ineyo ndimaganiza bwanji ndikataya. Ndikuuzani nkhani ziwiri, ina ndinataya, ina ndinapindula. Imene imandichititsa mantha mpaka lero ndi imene ndinapindula ija.

Mu 2013 ndinagulitsa puloti imene ndinali nayo cha ku Chongwe. Ndalama zambiri za pulotiyo ndinagulira masheya a kampani imodzi, chifukwa mnzanga wa ku tchalitchi amene ndinkamulemekeza anati ndi kampani yolimba. Inalidi yolimba. Chimene sindinadziwe, popeza lipoti lake la pachaka sindinalitsegule n'komwe, n'chakuti inkagula zipangizo kunja ndi madola ndiponso inali ndi ngongole ya madola, pamene katundu wake inkagulitsa m'makwacha. Ndiye kunabwera 2015. Mkuwa, umene mu 2011 unadutsa madola 10,000 pa tani, unali kutsika mpaka unafika pansi pa madola 4,500 kuchiyambi kwa 2016. Madzi ku Kariba anachepa, magetsi n'kumazima maola asanu ndi atatu pa tsiku. Kwacha inayamba chakacho ili pafupi K6.40 pa dola, chaka chisanathe inali itadutsa K12, ndipo zinafika poti Pulezidenti Lungu anaitanitsa mapemphero a dziko lonse pa 18 Okutobala. Ngongole ya kampani ija inawirikiza poiwerengera m'makwacha, phindu linauma, dividendi inaima. Nthawi yomweyo mwana wanga wamkazi anafunika fizi ya ku yunivesite. Ndinauza broker, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya pamsika, kuti agulitse, ndinadikira milungu wogula osaoneka, ndipo potsiriza ndinalandira pafupifupi theka la zimene ndinaikamo.

Kwa chaka chathunthu ndinkauza aliyense kuti inandipha ndi kwacha. Mbali ina zinali zoona, ndipo zinkanditonthoza, popeza kwacha sindinaigwetse ndine. Tsiku lina madzulo akazi anga anandifunsa mofatsa, opanda mkwiyo uliwonse: "Bambo a ana, kodi kampani ija munaigula chifukwa chiyani?" Ndinasowa choyankha. Ndinalibe chifukwa changachanga ngakhale chimodzi. Kugwa kwa kwacha kunali ngati chilala, sindikanakuletsa. Koma kusawerenga lipoti, kuika ndalama za puloti pamalo amodzi, ndi kuponya pamsika ndalama imene ndinkadziwa kuti idzafunika pa fizi pasanathe zaka ziwiri, zimenezo zinali zanga.

Mawa lake ndinagula kope lachikuto cholimba ku Kamwala. Kuyambira pamenepo sinditulutsa ndalama ndisanalembe m'kopemo tsiku, chimene ndikugula, ndalama zingati ndiponso kuti ndi gawo lanji la zonse zimene tili nazo. Ndimalemba chifukwa chogulira m'mawu amene mwana wa giredi 7 angamve, ndipo ndikalephera kuchilemba choncho ndimadziwa kuti inenso sindinachimvetse. Ndimalembanso chinthu chimene chikadzachitika ndidzavomere kuti ndinalakwa n'kugulitsa, ndi mmene nyumba yanga idzakhalire ngati theka litapita. Ndimatero chifukwa mtima umanama. Zikatha bwino umakuuza kuti unkadziwa kale, zikatha moipa umakuuza kuti linali tsoka, kapena kuti wina wakuchitira nsanje. Inki ya tsiku lija sisintha mawu.

Nkhani yachiwiri ndi iyi. Mu Novembala 2020 dziko lathu linalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a chiwongola dzanja cha Eurobond, ngongole ya madola imene boma linatenga kunja, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kulephera kulipira ngongole m'nyengo ya Covid-19. Anthu anaopa kubwereketsa boma, ndipo kuti lipeze ndalama, ma bond a zaka zambiri, amene ndi zikalata zobwereketsera boma ndalama, ankalipira chiwongola dzanja choposa 30 peresenti pa chaka. Kuchiyambi kwa 2021 ndinaika pafupifupi theka la ndalama zathu zosunga mu bond ya zaka zisanu. M'kope ndinalemba kuti: "Boma lingalephere kulipira madola, koma silingalephere kulipira makwacha, chifukwa makwacha limasindikiza lokha." Zinayenda bwino kwambiri. Kukwera kwa mitengo, kumene pakati pa 2021 kunadutsa 24 peresenti, kunatsika kufika pansi pa 10 pakati pa 2022, ine ndikulandirabe chiwongola dzanja changa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Anzanga ananditcha wanzeru, inenso ndinayamba kuwakhulupirira.

Kenaka mu Disembala 2022 boma la Ghana linauza eni ma bond a m'dziko momwemo, a ndalama yawo ya cedi, kuti asinthanitse ma bond awo ndi atsopano a chiwongola dzanja chochepa ndi zaka zambiri zodikira. Tinaona pa nkhani okalamba opuma pa ntchito atanyamula zikwangwani pa unduna wa zachuma ku Accra. Ghana nayo imasindikiza ndalama yake. Ndinatsegula kope langa n'kuwerenga chiganizo chija, thupi linazizira. Chifukwa chimene ndinaikira theka la chuma cha banja langa chinali chabodza. Kuno kwathu ngongole za m'dziko sizinakhudzidwe pamene boma linkakambirana ndi okongoza akunja mu 2023 ndi 2024, koma zimenezo anagwirizana ndi anthu ena m'zipinda zimene ine sindinalowemo. Ndinali mlimi wobzala mochedwa uja, mvula inangondikomera. Pansi pa tsambalo ndinalemba ndi cholembera chofiira kuti kugula bond kunali ndi nzeru zake, koma kuika theka kunali kulakwa, ngakhale kunandilipira. Pakanapanda kope lija, ndikanaphunzira kuti boma likavutika uziika zonse, ndipo tsiku lina phunziro limenelo likanadzasiya ana anga opanda kanthu.

Khalidwe lovomera zolakwa poyera ndinaliona kwa Warren Buffett, mkulu wa ku Omaha ku America amene ambiri amamuyesa katswiri woposa onse pa masheya. M'makalata amene walembera eni masheya a kampani yake ya Berkshire Hathaway kwa zaka zambiri, amatchula zolakwa zake ndi ndalama zimene zinadya. Mu 1993 anagula kampani ya nsapato ya Dexter pa madola 433 miliyoni. Nsapato zotchipa zochokera kunja zinaimaliza m'zaka zochepa, monga mmene salaula ndi nsalu zakunja zinafooketsera mafakitale athu a nsalu ku Kafue ndi ku Kabwe. Choipa kwambiri n'chakuti analipira ndi masheya a Berkshire m'malo mwa ndalama, ndipo masheya amenewo anadzakwera kufika mabiliyoni a madola. M'kalata ya 2007 iye mwini anavomera kuti mpaka nthawi imeneyo amenewo ndiwo anali malonda oipitsitsa amene anachitapo. Koma Dexter sinamugwetse, chifukwa inali gawo laling'ono la zimene anali nazo. Analakwa pa mlingo woti n'kudzuka m'mawa n'kupitiriza ntchito. Masamu ake ndi osavuta, kungoti ambiri sitiwaganizira. Ukataya 10 peresenti umafunika kupindula 11 kuti ubwerere pamene unali. Ukataya theka umafunika kuwirikiza kawiri zotsalazo. Ukataya zonse palibe peresenti imene ingakudzutse.

Tsono mubwerere kapena muiwale? Ine ndikuti mudzabwerere, koma osati mwezi uno, ndiponso osati ndi mtima wobweza. Ndalama zija zilembeni kuti zinapita. Ndalama iliyonse imene mudzaike m'tsogolo idzakhale ndi ntchito yakeyake, isadzasenze mlandu wa inzake imene inatayika.

Muyambe ndi kaloba. Ngongole ya 30 kapena 50 peresenti pa mwezi palibe sheya, bond kapena malonda aukhondo amene angaipose, choncho K100 iliyonse imene mwabweza kumeneko yakupindulirani kuposa kulikonse kumene mukanaiika. Pitani kwa mwini ndalamayo maso ndi maso, mugwirizane zolipira pang'onopang'ono, ndipo mumupemphe kuti chiwongola dzanja chiime. Pulogalamu ya forex ichotseni pa foni lero. Ikakhalapo, usiku wina malipiro atangolowa mudzaitsegula.

Ngongoleyo ikatha, sungani ndalama ya lendi ndi chakudya ya miyezi itatu pamalo poti mukhoza kuitenga tsiku lomwelo. Maliro kumudzi, matenda, ntchito kutha, izi n'zimene zimakakamiza munthu kugulitsa masheya pa mtengo woipa, monga fizi inandikakamizira ine. Ngati muli m'chilimba kapena village banking ya anthu odziwana bwino, pitirizani, zimazoloweretsa dzanja kuika pambali mwezi ndi mwezi. Mukatero mukhoza kuyamba ma treasury bill a ku Bank of Zambia, njira yobwereketsa boma ndalama kwa nthawi yosapitirira chaka. Alipo a masiku 91, 182, 273 ndi 364, ndipo munthu amayamba ndi K1,000 kudzera ku banki yake. Pa chiwongola dzanjacho boma limadulapo msonkho, ndipo chotsalacho muzichiyerekeza ndi mmene mitengo ikukwerera, chifukwa kulandira 12 peresenti pamene ufa ndi mafuta zakwera ndi 15 ndi kutaya kosaoneka ndi maso.

Masheya adzabwere pamapeto, ndi ndalama imene simudzaifuna kwa zaka zisanu, m'makampani atatu kapena anayi a ntchito zosiyana, kudzera kwa broker amene ali ndi laisensi ya Securities and Exchange Commission (SEC), bungwe loyang'anira msika wa masheya. Ngati mulibe nthawi yowerenga malipoti, unit trust yovomerezeka, kumene akatswiri amasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri n'kuwaikira pamsika, ndi yabwino kuposa kugula mwakhungu. Mukati muwerenge nokha, musaope kukula kwa lipotilo. Onani ngati phindu lakhala likukula kapena kuchepa zaka zingapo zapitazi, ngati amagawa dividendi, ndiponso ngongole yawo ndi yaikulu bwanji. Ndipo funso limene ine ndinalilipira theka la puloti musaliiwale: kampaniyi imapeza ndalama zake m'makwacha kapena m'madola, nanga ngongole zake zili m'ndalama iti? Dziko lathu limapeza pafupifupi 70 peresenti ya ndalama za katundu wogulitsa kunja kuchokera ku mkuwa, ndiye mkuwa ukagwa kwacha imatsatira, ndipo zimenezi zidzachitikanso m'moyo wanu kangapo. Mukakhala mwini masheya, ngakhale ochepa, muli ndi ufulu wopita ku msonkhano wa pachaka wa kampaniyo n'kufunsa akuluakulu ake mafunso. Muzipita. Ndaphunzira zambiri poona mmene wapampando amayankhira funso lovuta la gogo wa masheya 200. Aliyense wokulonjezani phindu lotsimikizika pa sabata kapena pa mwezi, fufuzani laisensi yake ku SEC kapena ku Bank of Zambia musanamupatse ngakhale ngwee imodzi.

Nkhani ya alamu anga ndaisiyira dala kumapeto, koma ndiyo yoyenera kuchitika zonsezi zisanayambe. Ndalama zija zinali ndi dzina lanu ku NAPSA, koma zinali za nyumba. Adzadziwa ndithu, kaya tsiku limene mwini kaloba adzagogode pakhomo, kaya tsiku limene fizi ya ana idzafunike iwo n'kunena kuti tiyeni tikatape ku banki. Ndi bwino amve kwa inu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo chinsinsi chimenechi n'chimene chikukukankhirani kuti muyesenso kamodzi, mwina mubweze asanadziwe. Mukaulula, mphamvu imeneyo idzatha.

Gulani kope. Patsamba loyamba lembani zinthu zinayi zija, chilichonse ndi tsiku lake, ndalama zake, ndi zimene munkaganiza pochichita, osadzichepetsera mlandu ndiponso osadziwonjezera. Ana akagona, khalani nawo pansi muwaonetse. Musayambe ndi kulakwa kwa anzanu a pa WhatsApp, yambani ndi kwanu, ndipo muwaonetse ngongole imene yatsala ndi mmene mukuganizira kuilipira. Adzakwiya, mwina masiku angapo osakulankhulani, ndipo ali ndi chifukwa. Aloleni. Kwathu, kuyambira tsiku la funso lija, akazi anga amawerenga tsamba lililonse ndisanagule kanthu. Andiletsapo kawiri. Ulendo woyamba masheya aja anadzagwa. Ulendo wachiwiri anakwera kwambiri ife tili kunja, koma sindinadandaule, chifukwa funso limene anandifunsa tsiku limenelo ndinalepheradi kuliyankha.

Mukakambirana mundilemberenso, mundiuze kuti ya kaloba yatsala zingati ndiponso pa malipiro anu mungapatule zingati pa mwezi, tidzawerengere limodzi kuti zitenga miyezi ingati.